Manja amene sanalembe maina awo kunsi kwa mbale

Munthu wokonda mbale zakale akangoitola mbale, asanayang'ane n'komwe maluwa ojambulidwa pamwamba, amayamba waitembenuza kuti aone kunsi. Amafuna dzina. Amafuna adziwe kuti anaipanga ndani, kuti, ndiponso liti. Koma mbale zambiri zimene zinaumbidwa ku Arita, m'dziko la Japan, m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 zimamugwiritsa mwala munthu wotereyu. Zina kunsi kwake kulibe kalikonse. Zina zili ndi chilembo chimodzi chongofunira mwini mbale madalitso. Ndiye pali zina zochuluka ndithu zimene zili ndi zilembo zisanu ndi chimodzi zonena kuti mbaleyo inapangidwa mu ulamuliro wa Chenghua, mfumu ya ku China imene inamwalira mu 1487, zaka zoposa 100 dziko la Japan lisanaumbe n'komwe mbale yake yoyamba ya mtunduwu. Wojambula wa ku Arita ankalemba dzina la mfumu yakufa ya dziko lina, potsanzira mbale za ku China zimene aliyense ankazilemekeza, koma lakelo ayi.

Nkhani imeneyi imandikhudza kuposa mitengo imene mbalezi zimagulidwira pa okushoni. Ogulitsa amanena monyadira kuti mbale yakutiyakuti ndi yojambulidwa pamanja, ndipo sanama. Koma manja a ndani? Tikamva za chinthu chojambulidwa pamanja timaganiza za mmisiri mmodzi, wokhala payekha, wojambula zimene mtima wake wamuuza. Ku Arita sizinkayenda choncho. Mbale imodzi inkadutsa m'manja mwa anthu ambiri, aliyense wodziwa kachigawo kake kokha. Maina amene tinawapachika pa mbalezi ndi a zinthu zina: Imari ndi doko limene zinkakwerera zombo, Nabeshima ndi banja la mafumu amene ankalamulira deralo, Kakiemon ndi nyumba imodzi mwa nyumba zambiri za amisiri.

Ngakhale timangoti ndi mbale zadothi, chiyambi chake ndi mwala. Mtsuko umene amayi amaumba kumudzi n'kuuwotcha ndi nkhuni pabwalo umatuluka wofiirira, ndipo madzi amadutsa pang'onopang'ono m'thupi mwake, n'chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira. Mbale ya porcelain ndi nkhani ina. Amatenga mwala woyera, kuupera, kuukanya, kenako kuuwotcha pa moto wofika madigiri 1,300, mpaka tizidutswa take timasungunuka n'kugwirana. Imatuluka yoyera mbee, yosalowa madzi, ukaigogoda ndi chala imalira kuti ngwee, ndipo ikakhala yopyapyala kuwala kumadutsa. Anthu a ku China analidziwa lusoli kwa zaka mazanamazana, a ku Korea nawonso, koma a ku Japan ankangogula.

Chimene chinasintha zinthu ndi nkhondo. Mu 1592, ndiponso kachiwiri mu 1597, Toyotomi Hideyoshi, amene ankalamulira Japan, anatumiza asilikali kukathira nkhondo dziko la Korea. Nkhondoyo inatha mu 1598 iye atamwalira, koma mafumu a madera amene anatsogolera asilikaliwo pobwerera anatenga anthu zikwizikwi, ambiri mwa iwo mokakamiza, ndipo pakati pawo panali oumba mbiya. Mmodzi mwa amene anafikira m'dera la Nabeshima Naoshige, pachilumba cha Kyushu pamene pali Arita, ndi amene lero amatchedwa Yi Sam-pyeong, yemwe ku Japan anadziwika ndi dzina loti Kanagae Sanbee. Mbiri yosimbidwa imati mu 1616 iyeyu ndiye anapeza mwala woyera paphiri la Izumiyama, chakum'mawa kwa Arita. Akatswiri ofukula zakale amati ntchitoyi inayamba ndi magulu angapo a oumba m'zaka za m'ma 1610, osati munthu mmodzi, komabe tauni ya Arita inasankha 1616 kukhala chaka chake chobadwa, ndipo mu 2016 kunali chikondwerero cha zaka 400. Yi Sam-pyeong anamwalira mu 1655. Mu 1917 anamumangira chipilala pamwamba pa phiri loyang'ana tauniyo, kumtunda kwa kachisi wa Tozan amene chipata chake n'cha porcelain. Phiri la Izumiyama lenilenilo analikumba zaka mazana angapo, moti lero latsala chidzenje chachikulu cha miyala yoyera ndi yachikasu.

Panalinso mayi wina wa ku Korea amene sitimumva kawirikawiri. Mwamuna wake, woumba wa ku Takeo, atamwalira mu 1618, mayiyu pambuyo pake anatsogolera banja lake ndi gulu la oumba kusamukira ku Arita kumene kunali mwala wabwino. Anamwalira mu 1656 ali ndi zaka 96, ndipo chikumbutso chake chili pakachisi wa Hoonji. Amamutchula kuti Hyakubasen, kapena Baek Pa-sun, koma limeneli ndi dzina laulemu limene adzukulu ankaitanira gogo wawo. Dzina lake lenileni silinasungidwe. Sindingayang'ane mbale ya ku Arita n'kuiwala kuti luso limeneli linafika kumeneko ndi anthu ochotsedwa kwawo ndi nkhondo.

Malonda atayamba kukoma, anthu anathamangira ntchitoyi moti nkhalango zinayamba kutha chifukwa cha nkhuni zowotchera. Mu 1637 akuluakulu a dera la Nabeshima anachotsa pantchitoyi anthu oposa 800, n'kusonkhanitsa mauvuni otsalawo malo ochepa ku Arita. Kuyambira pamenepo ntchito youmba mbale inali m'manja mwa boma la deralo: kukumba mwala, kuwotcha, kujambula, zonse zinkafuna chilolezo. Ndipo apa ndi pamene ntchito inagawidwa tizigawotizigawo.

Taonani ulendo wa mbale imodzi. Mwala ukachoka ku Izumiyama unkasinjidwa ndi minsi ikuluikulu yoyendetsedwa ndi madzi a mumtsinje, imene inkagunda usana ndi usiku. Ufawo ankausungunula m'madzi n'kudikira kuti zolemera zikhale pansi, n'kutenga zosalala zokhazokha. Wina ankakanya. Wina ankaumba pa gudumu lopalasa ndi phazi, wina n'kupala mbaleyo itauma pang'ono kuti ipyapyale. Patapita nthawi anayamba kuziwotcha koyamba pa moto wochepa, wa madigiri pafupifupi 900, kuti zilimbe zisanafike kwa ojambula.

Pa ojambulawa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Utoto wa buluu umene timauona pa mbalezi umachokera ku mwala wa cobalt, umene iwo amautcha gosu, ndipo m'nthawi imeneyo unkachokera ku China kudzera padoko la Nagasaki pamtengo wokwera. Ukamajambulidwa sukhala wa buluu ayi, umaoneka wotuwa moderako. Buluuyo amatuluka m'moto. Tsono wojambula amagwira ntchito osaona mtundu weniweni wa chimene akujambula, amangodziwa ndi chizolowezi kuti apa pathira mokwanira, apa pachepa. Chinanso, mbale yowotchedwa kamodzi imamwa madzi nthawi yomweyo. Burashi ikangokhudza, mzere wakhazikika. Dzanja likanjenjemera, kunjenjemerako kukhala pamenepo zaka 300.

Ntchitoyi inali ya anthu awiri osiyana. Woyamba ankajambula mizere ndi burashi yosongoka: m'mphepete mwa tsamba, nthenga za mbalame, denga la kanyumba kapaphiri. Wachiwiri ankadzaza utoto mkati mwa mizereyo, ntchito imene imatchedwa dami, ndipo nthawi zambiri inali ya amayi. Burashi ya dami ndi yonenepa, yodzaza dzanja, ndipo imasunga utoto wamadzimadzi wambiri. Wojambulayo sapaka monga mmene tingaganizire. Amafinya burashiyo ndi zala kuti utoto utsike, n'kumapendeketsa mbale kuti dontho liyende lokha mpaka pamzere, ndiye akamasula zala burashiyo imayamwanso wotsalawo. Kudera ndi kuwala kwa buluu pa tsamba limodzi, kumene kumachititsa kuti tsambalo lioneke lamoyo, kumachokera pa kufinya ndi kumasula kwa zala kumeneku. Mwa ntchito zonse za pa mbale, imeneyi ndi imene ndimaisirira kwambiri, komanso ndi imene mabuku onena za mbalezi satchulamo dzina la munthu.

Akamaliza, mbale ankaiviika m'madzi oyera a mwala wopera ndi phulusa, zojambula zonse n'kubisika. Madzi amenewa ndi amene amasanduka chophimba chagalasi m'moto. Mauvuni anali aatali, omangidwa motsata chitunda, zipindazipinda zolumikizana kuti moto wa chipinda chapansi uzitenthetsa chapamwamba, ndipo eni mbale angapo ankagawana zipinda za uvuni umodzi. Owotcha ankaponya nkhuni za paini wofiira usana ndi usiku, akuyeza kutentha ndi maso poona mtundu wa malawi. Akalakwitsa iwo, ntchito ya anthu onse aja yapita.

Mbale ya buluu yokha inkathera pamenepo. Koma yofuna mitundu ina, wofiira, wobiriwira, wachikasu ndi golide, inkapita kumalo ena, ku Akaemachi, kachigawo ka tauni kumene boma linasonkhanitsa ojambula a mitundu. Poyamba zinali nyumba 11, kenako 16. Iwowa ankajambula pamwamba pa chophimba chagalasi chija, pamalo poterera pamene utoto sumwedwa, n'kuwotchanso mbaleyo pa madigiri pafupifupi 800. Kasakanizidwe ka utoto kanali chinsinsi cha nyumba, chouzidwa mwana mmodzi yekha wolowa m'malo mwa bambo. Kugawa ntchito chotere kunkathandiza kuti mbale zituluke zambiri komanso zofanana, koma kunali ndi cholinga china: munthu wodziwa kachigawo kamodzi sangathawe n'kukayambitsa ntchito yonse kwina. Chinsinsicho chinatulukabe pang'onopang'ono. Kato Tamikichi wa ku Seto anapita ku Kyushu mu 1804, n'kubwerera kwawo mu 1807 atadziwa zokwanira kutukula ntchito ya porcelain kumeneko.

Mwayi wa Arita unabwera ndi tsoka la China. Ufumu wa Ming utagwa mu 1644, nkhondo inasokoneza mauvuni a ku Jingdezhen, ndipo olamulira atsopano a Qing anatseka malonda a panyanja mpaka 1684. Kampani ya Adatchi ya VOC, imene inali itazolowetsa anthu a ku Ulaya mbale za ku China, inasowa kogula. Adatchiwo ndiwo okha mwa azungu amene ankaloledwa kuchita malonda ku Japan, pa kachilumba ka Dejima ku Nagasaki. Mu 1659 anatumiza kunja ziwiya za ku Arita zikwizikwi, zina kupita ku Netherlands, zina ku Batavia (Jakarta wa lero), zina ku Mocha ku Yemen. Mkulu wa Adatchi pa Dejima chaka chimenecho anali Zacharias Wagenaer, yemwe mu 1662 analowa m'malo mwa Jan van Riebeeck ngati wolamulira ku Cape, ndipo ndi mu nthawi yake, mu 1666, pamene anayamba kumanga linga la Castle of Good Hope. Zombo za kampaniyo zinkaima ku Cape popita ku Ulaya, n'chifukwa chake m'nyumba zosungira zakale ku Cape Town mumapezeka mbale za buluu za ku Arita zolembedwa VOC pakati. Apanso dzina lolembedwa pa mbale ndi la wogula.

Mwa zonse zimene zinakwera zombozo, za mtundu wa Kakiemon ndi zimene zimandigwira mtima. Sakaida Kakiemon woyamba, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1596 mpaka 1666, ndi amene amatchulidwa kuti anakwanitsa kujambula mitundu pamwamba pa chophimba chagalasi m'zaka za m'ma 1640, potengera nzeru za Atchaina a ku Nagasaki. Koma kajambulidwe kamene timakatcha Kakiemon kanakhwima cha m'ma 1670 mpaka 1690, iye atamwalira kale, ndipo zofukulidwa ku Arita zikuonetsa kuti mauvuni angapo ndi ojambula a ku Akaemachi ankagwira nawo ntchitoyi. Thupi la mbale zabwino kwambiri za mtunduwu, lotchedwa nigoshide, ndi loyera mofewa, lopanda kabuluu kamene kamaoneka pa mbale zina, ndipo pa kuyera kumeneko utoto wofiira umawala modabwitsa. Chojambulidwacho n'chochepa: zinziri ziwiri pansi pa ngala za mapira, nyalugwe pafupi ndi nsungwi, nthambi imodzi ya maluwa yopendekera mbali imodzi. Mbali yaikulu ya mbale amaisiya yopanda kanthu. Pamafunika kulimba mtima kuti wojambula aleke pamene waleka, chifukwa pa mbale yodzaza maluwa mzere wolakwika umabisala, koma pa mbale yoyera chonchi ulibe kobisala.

Kuyerekeza ndi zimenezi, mtundu umene anthu ambiri amaudziwa kuti Imari, wa buluu woderako, wofiira ndi golide wodzaza paliponse, umene unatchuka kuyambira cha m'ma 1690, umandilemera m'maso. Ndikudziwa kuti unapangidwira zipinda zikuluzikulu za ku Ulaya zounikidwa ndi makandulo, kumene golideyo ankanyezimira, ndipo kumeneko uyenera kuti unkakongola. Koma ine mtima wanga uli pa zinziri zija.

Mafumu a ku Ulaya anatengeka nazo kwambiri. Mndandanda wa katundu wa ku Burghley House ku England wolembedwa mu 1688 uli kale ndi ziwiya za ku Japan. Mfumukazi Mary II ya ku England inali nazo ku Hampton Court. Ku British Museum kuli njovu ziwiri za mtundu wa Kakiemon, zoyera, zovekedwa nsalu zamaluwa pamsana, zoumbidwa ndi anthu amene n'kutheka kuti sanaionepo njovu yamoyo. Augustus, wolamulira dera la Saxony ku Germany, anasonkhanitsa ziwiya zikwizikwi ku Dresden, ndipo fakitale yake ya ku Meissen, imene inatsegulidwa mu 1710, cha m'ma 1730 inkakopera mbale za Kakiemon mzere ndi mzere. Ku Chantilly ku France, ku Chelsea, ku Bow ndi ku Worcester ku England, onse anakopera. Atchaina nawo atatsegulanso malonda anayamba kupanga Imari wawo wotchipa, ndipo pofika 1757 kampani ya VOC inasiya kugula mbale ku Japan. Arita anatembenukira ku msika wa kwawo.

Mbale zimene ambiri amati ndi zopambana zonse sizinakwere chombo chilichonse, ndipo sizinkagulitsidwa n'komwe. Banja la Nabeshima linkafunika kupereka mphatso kwa shogun, mtsogoleri wa asilikali amene ankalamulira dziko lonse, komanso kwa akuluakulu ake. Cha m'ma 1670 linasamutsira uvuni wake wapadera ku Okawachiyama, chigwa chopanikizika chozunguliridwa ndi mapiri a miyala, n'kuika chipata cha alonda polowera. Amisiri osankhidwa, pafupifupi 30, ankalandira malipiro kuchokera kwa mfumu ndipo ankapatsidwa ulemu, koma sankatuluka mwachisawawa. Mu 1693 mfumu Nabeshima Mitsushige anatumiza kalata yodandaula kuti ntchito yatsika ndipo zojambula zikungobwerezedwa. Analamula kuti amisiri ofooka achotsedwe, ndiponso kuti mbale zolakwika zisatuluke m'chigwacho. Zinkaphwanyidwa.

Mbale za Nabeshima zili ndi miyeso yokhazikika, zazikulu masentimita pafupifupi 30, zapakati 21, zazing'ono 15, ndipo phazi lake ndi lalitali, lojambulidwa timizere tooneka ngati mano a chipeso. Mitundu ndi inayi yokha: buluu, wofiira, wachikasu ndi wobiriwira. Poti zinkaperekedwa m'magulu, mbale 10 kapena 20 zinkayenera kufanana ndendende, ndiye ankajambula chithunzi ndi makala papepala lopyapyala, n'kulitikita pa mbale iliyonse kuti lisiye mthunzi woti burashi itsatire. Analinso ndi njira yotchedwa sumihajiki: amajambula mizere ndi inki yakuda, n'kupaka buluu pamwamba, ndiye m'moto inkiyo imapsa n'kuchoka pamodzi ndi buluu wa pamwamba pake, n'kusiya timizere toyera topyapyala. Mafunde a nyanja obwerezabwereza amene amadzaza kumbuyo kwa zithunzi zambiri za Nabeshima anapangidwa choncho, limodzilimodzi. Munthu amene ankajambula mafunde amenewa sankayembekezeredwa kuonetsa nzeru zake. Luso lake linali loti dzanja lake lisasiyane ndi la mnzake. Ku Okawachiyama lero kuli mulu wa miyala ya pamanda yoposa 800, younjikidwa pamodzi, ya amisiri amene analibe achibale owasamalira manda, ena mwa iwo ochokera ku Korea.

Ngakhale funso loti mbale inapangidwa kuti limavuta. Mbale zotchedwa Ko-Kutani, za mitundu yolemera, yobiriwira, yachikasu ndi yofiirira, zojambulidwa molimba mtima, kwa nthawi yaitali zinkadziwika kuti zinapangidwa ku Kutani m'dera la Kaga cha m'ma 1650. Kenako ofukula anapeza zidutswa za mtundu womwewo pa mauvuni a Yanbeta ku Arita. Akatswiri ambiri tsopano amati zochuluka mwa izo ndi za ku Arita, koma anthu a ku Ishikawa, dera limene kuli Kutani, sanavomereze, ndipo mkanganowo ukadalipo.

Maina a anthu anayamba kuoneka kwambiri kunsi kwa ziwiya mu ulamuliro wa mfumu Meiji, kuyambira 1868. Maulamuliro a madera atathetsedwa mu 1871, amisiri anataya owateteza ndipo anayenera kudzipezera okha misika. Boma latsopano linkafuna ndalama zakunja, ndipo ziwonetsero za mayiko, monga cha ku Vienna mu 1873 ndi cha ku Philadelphia mu 1876, zinkapereka mendulo kwa munthu kapena kampani yokhala ndi dzina. Ku Arita kunabadwa makampani a Koransha mu 1875 ndi Fukagawa Seiji mu 1894. Katswiri wa ku Germany, Gottfried Wagener, anafika ku Arita mu 1870 n'kuphunzitsa kugwiritsa ntchito cobalt wa m'fakitale, wotchipa komanso wowala kwambiri, moti buluu wa mbale wamba za nthawi imeneyi amathobwa m'maso poyerekeza ndi gosu wakale. Miyagawa Kozan, wa uvuni wa Makuzu ku Yokohama, anatchuka dziko lonse lapansi ndipo mu 1896 anasankhidwa kukhala mmisiri wa kunyumba yachifumu. Komabe dzina lake linkaimira nyumba yantchito ya anthu ambiri. Uvuni umenewo unawonongedwa ndi mabomba mu 1945.

Ambiri a ife sitidzagwirapo mbale ya Nabeshima. Zimene tingakumane nazo, m'mashopu a zinthu zakale ku Johannesburg kapena m'mashopu achifundo ku Britain, ndi makapu ndi timbale tolembedwa kunsi kuti Hand Painted Nippon, kapena Made in Japan. Mawu amenewa anabwera ndi lamulo la msonkho la ku America la 1890, lonena kuti katundu wolowa m'dzikolo azilembedwa dziko lochokera. Kuyambira 1891 a ku Japan ankalemba Nippon, dzina la dziko lawo m'chinenero chawo, mpaka mu 1921 pamene akuluakulu a msonkho wa pamalire ku America analamula kuti azilemba Japan. Zolembedwa Occupied Japan ndi za nkhondo yachiwiri itatha, mpaka 1952. Zambiri za Nippon zinadutsa m'manja mwa abale a Morimura, amene anayamba malonda awo mu 1876 ali ndi sitolo ku New York, ndipo mu 1904 anatsegula fakitale pamudzi wa Noritake ku Nagoya. Zithunzi zinkakonzedwa ku New York motsata zokonda amayi a ku America, maluwa a rozi, nyanja dzuwa likulowa, golide m'mphepete, n'kutumizidwa ku Nagoya kumene ojambula mazanamazana ankazibwereza tsiku ndi tsiku. Kujambula pamanja kunali kotheka chifukwa malipiro a manjawo anali otsika.

Akatswiri ena amazinyoza ziwiya zimenezi kuti ndi za msika chabe. Ine sindigwirizana nawo. Mbale za Kakiemon nazonso zinali za msika, zopangidwa motsata oda ya Adatchi. Pa kapu ya Nippon yopangidwa bwino, duwa limodzi limapangidwa ndi mikwapulo yowerengeka ya burashi, uliwonse pamalo pake, ndipo dzanja lotha kuchita zimenezo kambirimbiri patsiku osaphonya ndi la mmisiri.

Mukaigwira mbale yotere, musathamangire chidindo cha kunsi, chifukwa zidindo zabodza za Nippon zakhala zikupangidwa kwa zaka zambiri. Yang'anani ntchitoyo. Ngati chithunzi chabwerezedwa kuzungulira mbale, yerekezani awiri: pa yojambulidwa pamanja sangafanane ndendende. Mzere wa burashi umanenepa n'kuwonda, ndipo pamene burashi inanyamukira pamatsala kadontho koderako. Utoto wobiriwira ndi wachikasu wa pamwamba umamveka kutukuka mukausisita ndi chala. Chithunzi chodindidwa chimaonetsa timadontho tofanana mukachiona ndi galasi lokulitsa, kapena pamakhala polumikizira pamene mapeto a pepala anakumana. Zambiri zimaphatikiza zonse ziwiri, mizere yodinda ndi utoto wa pamanja. Pa mbale zakale za ku Arita, kunsi kumapezeka timabala ting'onoting'ono, pamene tizichirikizo tosongoka tinkagwira mbale kuti isabwafuke m'moto, ndipo timeneti timathandiza kuzisiyanitsa ndi za ku China. Chinthu chinanso: utoto wakale wa pamwamba unkasakanizidwa ndi mtovu wa lead, choncho si bwino kudyeramo tsiku ndi tsiku, makamaka zakudya zowawasa.

Luso lina linatsala pang'ono kutayikiratu. Kapangidwe ka thupi loyera la nigoshide kanasiyidwa m'zaka za m'ma 1700, chifukwa mbale zambiri zinkawonongeka m'moto ndipo ogula a kunja anali atachepa. Kakiemon wa nambala 12 kulowa dzinali ndi mwana wake wa nambala 13 anakabwezeretsa mu 1953, pogwiritsa ntchito kabuku kakale ka banjalo konena za kasakanizidwe ka miyala. Banja la Imaizumi Imaemon, limodzi la nyumba 16 zija za ku Akaemachi, limene linkajambula mitundu pa mbale za mfumu, linaphunzira ntchito yonse kuyambira kuumba mpaka kuwotcha uvuni wa mfumu utatsekedwa, n'kusunga mtundu wa Nabeshima.

Boma la Japan litafuna kuteteza maluso awiriwa ngati chuma cha dziko, nigoshide mu 1971 ndi Nabeshima wa mitundu mu 1976, linalemba m'kaundula magulu a amisiri a nyumba ziwirizo, oumba, ojambula mizere, a dami ndi owotcha pamodzi. Atsogoleri a nyumbazo ena anadzalandiranso ulemu paokha, Kakiemon wa nambala 14 mu 2001 ndi Imaemon wa nambala 14 mu 2014. Chaka chomwecho cha 2014, Kakiemon wa nambala 15 analowa dzina bambo ake atamwalira. Ku uvuni wawo ku Nangawara ntchito ikadali yogawidwa monga kale, akuwotchabe ndi paini wofiira, ndipo boma limapereka ndalama zothandiza maguluwa kuphunzitsa achinyamata oti adzalowe m'malo mwa okalamba pa gudumu ndi pa burashi.